Che Zubair ndi Pampu Yosapopa Kanthu

Mabuleki anandiumira ndikulowa m'Makanjira, Lachitatu lina m'mwezi wa Ogasiti. Ndinali nditanyamula simenti ndi malata a sukulu ina yapulayimale, pa lole ya matani atatu imene ndinali nditayendetsa kwa zaka zisanu. Mbuzi inadutsa kutsogolo, ine n'kuponda buleki monga mwa masiku onse, koma phazi linangokumana ndi chinthu cholimba gwa ngati mwala. Ndinachita kudzuka pampando n'kuponda ndi thupi lonse. Lole inaima mbuzi itawoloka kalekale.

Dzina langa ndine Willard, kwathu ndi ku Malindi. Ndine dalaivala, si makaniko, komabe matenda amenewa ndinali nditawamvapo. Titatsitsa katundu ndinatukula kebini, n'kuzula paipi yakuda imene imachokera ku pampu ya vakyumu, kumbuyo kwa olitaneta, kupita ku busita ya mabuleki. Ndinaliza injini n'kuika chala pakamwa pa pampuyo. Ikakhala yamoyo imakoka chala. Iyi inali zii.

Ndinafunsa aphunzitsi apasukulupo ngati m'deralo muli makaniko. Anati amene ankadziwa magalimoto anapita ku Joni chaka chatha. "Koma tsikirani kugombe," anatero, "mukafunse Che Zubair, okonza injini za maboti. Mungokonzekera kuyankha mafunso."

Ndinawapeza m'chisakasa chaudzu, kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa. Pamtanda panapachikidwa injini zitatu za maboti, pambali pali mgolo wa madzi woyeseramo injinizo. Anali bambo wamfupi, wazaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, kofia yoyera ili kumutu, ndipo chala chawo chamkombaphala chakumanja chinali chodukako nsonga. Tinalonjerana m'Chiyao, kenako tinangosakaniza ndi Chichewa monga timachitira kwathu kuno.

"Lole sindinaigwirepo chibadwire, achimwene," anatero. "Yatani?"

"Yafa pampu ya vakyumu."

"Imapopa chiyani?"

"Siipopa kanthu, bambo. Imayamwa mpweya."

"Ikauyamwa imapita nawo kuti?"

Ndinakanda kumutu. Zaka zisanu ndikukhala pamwamba pa pampu imeneyo, funsoli linali lisanandibwererepo. Che Zubair anapukuta manja ndi kasanza, anatola masipanala anayi n'kuwakulunga m'thumba la saka.

"Tiyeni ndikaione," anatero, ali patsogolo kale.

Titafika sanagwire sipanala. Anawerama painjini n'kuyamba kulondola mapaipi ndi chala. Anapeza kuti papampupo pali mapaipi atatu: kakang'ono kachitsulo kochokera m'mbali mwa injini, ina yokulirapo yotsikira pansi, ndi yakuda ija ya kumabuleki. Ananunkhiza kakang'onoko.

"Aka kamabweretsa oilo. Iyi imamubweza kumimba kwa injini. Ndiye kuti mpweya wanu uja umatsika limodzi ndi oilo, n'kukatulukira kopumira injini. Funso limodzi latha." Anandiyang'ana. "Nanga galimoto ya petulo ilinso ndi pampu yotere?"

"Zimene ndinayendetsapo ine zinalibe."

"Chifukwa?"

"Sindikudziwa, bambo."

Che Zubair anati injini ya boti ukaika chikhatho pakabureta imakukoka, chifukwa pakhosi pake pali kachitseko kamene kamaimana mpweya. Injini ya chigayo, imene ndi ya dizilo, anaiyang'anapo pakhosi, ndipo panali pululu. "Ya petulo imatsamwa, ndiye imayamwa yokha. Ya dizilo imapuma ndi khosi lonse, n'chifukwa chake anaipatsa wantchito woti aziyamwa m'malo mwake." Ananena zimenezi akuyang'ana injini, osati ine, ndipo nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wapatsidwa mphatso.

Foni inalira. Anali bwana wanga, mwini lole, ali ku Mangochi. Nditafotokoza anati, "Ingochotsani pampuyo, mutseke mapaipi a oilo, mubwere pang'onopang'ono. Mabuleki alipo, angolimba basi."

Sankanama. Madalaivala ambiri amatero, ndipo nanenso mtima unali utayamba kupita komweko. Che Zubair anatsitsa nane kebini, anakwera, n'kuponda buleki kangapo mpaka mitsempha yapakhosi kuonekera.

"Kuchokera pano kukafika ku Mangochi mumaponda kangati?" anafunsa.

"Ndani angawerenge? Msewu wake mukuudziwa."

"Ndikuudziwa. Motsikira mitsinje, njinga zamoto, ana a sukulu. Ndangofuna kudziwa ngati mwendo wanu udzakhale ndi mphamvu yomweyi pa mtsinje womaliza." Anatsika. "Lole ndi yanu, achimwene. Koma kaya muichotsa, kaya muika ina, iyi ituluke ndithu. Ndiye tiyambe."

Ndinaimbiranso bwana n'kunena kuti ndidikira pampu ina. Anadandaula, koma anavomera, n'kundiuza kuti ndilankhule ndi mayi Matilda, amene amagulitsa zipangizo zakale za magalimoto m'tauni.

Ntchito tinaigwira tsiku lomwelo dzuwa likadalipo. Ndinachotsa mawaya a batire. Kumbuyo kwa olitaneta kunali kothina moti sipanala sinkatembenuka, ndiye tinamasula fanibeluti n'kutulutsa olitaneta yonse, pampu ili pomwepo. Bawuti iliyonse imene ankamasula, Che Zubair ankaiika pakatoni motsatana, n'kujambula ndi khala pomwe yachokera. Tinanyamula chitsulocho kupita nacho kuchisakasa. Mabawuti atatu okha ndi amene ankagwira pampu, ndipo titawamasula inasololoka pamtondo wa olitaneta, kandodo kachitsulo ka mano kamene kamaizunguza.

Mayi Matilda anati tiwatumizire chithunzi, komanso tiwerenge mano a pamtondowo kuti asatitumizire yosalowa. Che Zubair anawerenga kawiri ndi nsonga ya waya. Mayiwo anati yofanana nayo ilipo, koma wanjinga yamoto woibweretsa kuno apezeka Lachisanu m'mawa.

Che Zubair sanadikire. Anatsegula chivundikiro cha pampu yakufayo, n'kukhuthulira zamkati pambale yachitsulo. Munali kagudumu ka mipata inayi, kokhala chakumbali osati pakati, ndi timapale takuda ngati makala. Tiwiri tinali tathunthu, tiwiri titaphwanyika. Anabwezera tathunthuto m'mipata yake, n'kumazunguza kagudumuko ndi chala chawo chodukacho. Kapale kankatuluka mbali yotakasuka, n'kubwerera mkati mbali yothina.

"Taonani! Kachipinda kakukula, kenako kakuchepa. Kakamakula kakuyamwa, kakamachepa kakulavula. Amene anaganiza zimenezi ndikanakonda kumwa naye tiyi."

Kenako anasisita mkati mwa pampumo n'kuyang'ana chala. Chinatuluka ndi fumbi lakuda louma. Khoma lamkati linali lokalika, pena lofiirira ngati lapsa.

"Munthu wodya oilo tsiku lililonse angafe pakamwa pali gwa chonchi?" anafunsa. Nthawi ya swala inali itakwana. Anavundikira mbaleyo ndi nsalu n'kupita kumzikiti.

Anakana kuti ndigone m'lole. Anandipatsa chipinda cha ana awo aamuna, amene onse awiri ali ku Joni. Lachinayi lonse ndinalibe chochita, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinamva mbiri yawo, ina kwa iwo eni, ina kwa akazi awo, mayi Hidaya, amene amaphika zitumbuwa zogulitsa kugombe.

Che Zubair anabadwira m'mudzi womwewo. Sukulu analekeza Sitandade 4, madarasa ndiye anapitiriza. Atakula pang'ono analowa ulovi ngati anzawo onse, ndipo mwini khoka anawaika m'bwato la nyali, limene limaitana usipa kuti usonkhane khoka lisanaponyedwe. Masiku amenewo nyali zinali za parafini, zopopa zija. Ntchito yawo inali kuyang'ana m'madzi n'kupereka chizindikiro usipa ukachuluka. Iwo ankayang'ana nyali.

"Parafini ndi madzi," anandiuza. "Akayaka m'koloboyi amatulutsa moto wofiira ndi utsi. Nanga m'nyali imeneyi ankasanduka bwanji kuwala koyera? Ndinkangoti ndione kaye, usipa n'kubwera, n'kupita."

Zitachitika katatu, mwini khoka anawatsitsa m'bwato. Koma sanawathamangitse, poti anali ataona kuti nyali zimene mnyamatayu wagwira sizinkazima. Anawapatsa nyali zonse zakufa zimene zinali m'nyumba mwake. Umu ndi mmene anayambira. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri asodzi a magombe onse oyandikana ankabweretsa nyali kwa iwo. Chikopa cha pampu ya nyali ankachidula ku nsapato zakutha n'kuchiviika m'mafuta ophikira.

Injini anaiphunzira pa ina imene inamira ndi boti nthawi ya mwera, n'kuvuulidwa patapita sabata. Mwini wake anaitaya. Che Zubair anaimasula yonse mpaka kabawuti komaliza, anaitsuka, anaimanga, sinalire. Anaimasulanso. Inalira ulendo wachinayi, patatha miyezi iwiri. Chala chija chinaduka chaka chomwecho. Injini ikulira mumgolo, anapisamo dzanja kuti amve ngati chopalasira chimakoka madzi kapena chimawakankha.

"Ndiye munapeza chiyani?" ndinafunsa.

"Chimachita zonse ziwiri," anatero, osaseka n'komwe.

Asodzi atayamba kugwiritsa ntchito mababu a batire, ntchito ya nyali inatha m'zaka ziwiri zokha. Ndinawafunsa ngati zinawapweteka. Anati kwa mwezi umodzi, kenako anatsegula babu limodzi n'kupeza kuti mulibe kawaya koyaka kaja, ndipo mpaka lero sanamvetse bwino chimene chimawala. Ana awo akhala akuwaitana ku Joni kuti akapume, iwo amakana. Amati kumeneko chinthu chikafa amangotaya osachiyang'ana mkati, ndipo munthu angadwale nazo.

Mayi Hidaya anandiuza zawo akukanda ufa wa zitumbuwa. "M'nyumba muno mulibe chinthu cha mabawuti chimene sichinatsegulidwepo. Wailesi, loko wapachitseko, tochi, foni yoyamba imene mwana anatumiza."

"Zimabwerera bwinobwino?"

"Zambiri," anatero mayiwo. "Foni ija ayi."

M'mawa wa Lachinayi lomwelo Che Zubair anabwera pakhonde ndi botolo lapulasitiki lopanda kanthu. Anati chinthu chimodzi chikuwavutabe: kuyamwa mpweya kungathandize bwanji phazi la munthu kuponda buleki? Anaika botololo pakamwa n'kuyamwa mwamphamvu. Linafwanyika.

"Walifinya ndani? Ine manja sindinagwiritse ntchito."

"Mwaliyamwa inuyo."

"Ine ndangochotsa za mkati. Wolifinya ali kunja." Anazunguza dzanja m'malere. "Ndi mpweya womwewu. Umaoneka ngati kulibe, koma ukapeza malo opanda mnzake umakankha. Ndiye m'busita yanu ija muyenera kuti muli chikopa chachikulu. Mbali ina pampu yachotsako mpweya, mbali ina phazi lanu likutsegulira wakunja. Amene amaimitsa lole si inu nokha, achimwene."

Ndinaseka, koma m'mene ndinkaganizira ndinaona kuti zikumveka.

Masana tinabwerera kulole chifukwa cha funso la pampu youma lija. Che Zubair anamasula kapaipi ka oilo mbali zonse ziwiri n'kuuzira. Mpweya unadutsa. Kenako anatenga bawuti imene imamangira kapaipiko kuinjini, yobooka pakati kuti oilo azidutsa momwemo. Anauzira, masaya n'kutupa, osadutsa kanthu. Anapisamo waya wa khoka n'kutokosa pang'onopang'ono. Panatuluka kanthu kofiira, kofewa, kakakulu ngati njere ya mapira.

Anakaika pachikhatho n'kukafinya ndi chikhadabo. "Aka si ka injini. Kalowa bwanji?"

Ine ndinali nditakazindikira kale. Miyezi iwiri m'mbuyomo pabawuti imeneyo pankadontha oilo. M'malo mogula mawashala atsopano, ndinapakapo silikoni wofiira, wambiri ndithu, n'kumanga. Kudontha kunasiya, ine n'kumadzitama mumtima. Silikoni wotsala anafinyikira mkati, anauma, n'kutseka njira.

Ndikanatha kukhala chete. Palibe akanadziwa. Koma bamboyo anali atandigoneka m'nyumba mwawo, ndipo ankayang'ana kanthuko ndi mtima wofunadi kudziwa.

"Ndinaika ndine, bambo," ndinatero, n'kufotokoza zonse.

Ndinkayembekeza kuti andidzudzula. Iwo anangogwedeza mutu ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yosochera.

"Ndiye kuti inatha miyezi iwiri ikunyambita timadontho. Inalimba mtima." Kenako anati, "Silikoniyo muli naye? Amauma ndi chiyani, mpweya kapena kutentha?"

Ndinawapatsa chubu chonse chimene chinali m'bokosi la zida. Anafinyira pang'ono pamwala padzuwa, pang'ono pamthunzi, pang'ono m'chitini cha madzi, kuti aone kuti ayambe kuuma ndi uti. Madzulo ndinaimbira bwana n'kumuuza chimene chinapha pampu. Anati tikakambirana ndikafika. Ndinaimbiranso mayi Matilda kuti aikemo mawashala akopa anayi.

Wanjinga yamoto anafika Lachisanu cha m'ma 11 koloko, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, pampu itakulungidwa m'nyuzipepala. Ine ndinkafuna tiyambe pompo. Che Zubair anaitembenuza, anawerenga mano, anaizunguza pafupi ndi khutu, n'kuibwezera m'nyuzipepala.

"Lero ndi Ijuma," anatero. "Yadikira masiku awiri, idikiranso maola awiri."

Anakasamba, anavala mkanjo woyera n'kupita kumzikiti. Ndinakhala pamthunzi wa lole ndikudya zitumbuwa za mayi Hidaya.

Atabwerako anasintha zovala, ntchito n'kuyamba. Anathira oilo woyera m'pampu yatsopanoyo n'kuizunguza ndi dzanja kuti isayambe ntchito ili youma. Anaika kamphira kozungulira pamalo pake, anailowetsa pamtondo, n'kumanga mabawuti atatu aja mosinthanasinthana. Tinabwezera olitaneta, ndinakoka fanibeluti, iwo akuidinikiza ndi chala mpaka anati yakwana. Koma kapaipi ka oilo anakana kukamangira kupampu.

"Tione kaye ndi maso kuti akubwera," anatero.

Analozetsa kapaipiko m'chitini. Ndinabwezera mawaya a batire n'kuliza injini kamphindi kochepa chabe. Oilo wakuda anathamangira m'chitinimo. "Zimitsani!" anakuwa. Tinamanga mapaipi onse a oilo ndi mawashala atsopano, n'kusiya yakuda yokha ija. Asanaimange anayang'ana kavalavu kamene kali pakamwa pa pampu, anakayamwa mbali ina, n'kukauzira mbali ina. Anati kotere ankakadziwa kale, m'nyali zopopa munalinso kolola mpweya kudutsa njira imodzi yokha.

Ndinalizanso injini. Che Zubair anaika chala chachikulu pakamwa pa pampu. Ndinaona phewa lawo likudzidzimuka. Anachotsa chala, chinalira kuti phwa, anabwezeranso, anachotsanso. Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mano onse pamtunda. Mayi Hidaya anali atabwera kudzatenga mbale yawo, ndipo Che Zubair anawakodola.

"Amayi, bwerani muike chala apa!"

"Kuti nanenso chiduke?"

"Sichiduka. Ikani."

Mayiwo anaika monyinyirika, n'kukuwa, n'kubweza dzanja, kenako anaikanso okha. "Ii, chikuyamwa ngati mwana wa ng'ombe," anatero.

Tinamanga paipi yakuda n'kutsitsa kebini. Ndinakhazika Che Zubair pampando wa dalaivala kuti ayese okha. Injini ili chozima, ndinawauza kuti aponde buleki kangapo mpaka ilimbe, asachotse phazi. Nditaliza injini, buleki inatsika yokha pansi pa phazi lawo, pang'onopang'ono.

"Ndi ameneyo," anatero motsitsa mawu. "Wakunja uja wafika."

Loweruka m'mawa ndikukonzeka kunyamuka, ndinapeza Che Zubair ataima pafupi ndi lole, atavala jekete, kachikwama kali m'manja. Anati akufuna aone mmene mabuleki agwirire motsikira mitsinje, komanso anamva kuti kwa mayi Matilda kuli mabusita akutha. Ulendo wonse ankayang'ana phazi langa. Tinafika ku Mangochi bwinobwino. Bwana anandikalipira za silikoni uja, koma ntchito sinathe.

Mayi Matilda anawapatsa busita yadzimbiri imene inali kuseri kwa shopu. Anawachenjeza kuti mkati muli sipuling'i yaikulu. Che Zubair anavomera, anakhala pansi, anaipana ndi mawondo n'kuyamba kuwongola timilomo ta m'mbali. Itatseguka, sipuling'iyo inauluka n'kukagwera padenga la shopu yoyandikana nayo, anthu n'kubalalika. Iwo sanatembenuke n'komwe. Anali atanyamula chimphira chachikulu chakuda, chozungulira ngati mbale, akuchiyang'anitsa kudzuwa.

"Ndinati chikopa," anandiuza. "Ndinalakwa. Ndi mphira."

Anagona kwa m'bale wawo m'tauni, n'kubwerera kwawo Lamulungu pa lole ina.

Papita zaka ziwiri tsopano. Pampu ija ikugwirabe ntchito. Ku Makanjira ndimapitako mwina kawiri pamwezi msewu ukakhala wabwino, ndipo madalaivala anzanga akavutika kumeneko ndimawalozera kugombe. Che Zubair amawauzabe kuti iwo si makaniko wa magalimoto, kenako amanyamula masipanala. Maso ayamba kuwavuta, moti mwana wawo wamkazi, Sumaiya, anawatengera kuchipatala kukayezetsa magalasi. Ulendo wathawu ndinawapeza pa mjigo watsopano wa sola umene aika pafupi ndi msika. Anali atakhala pansi kuyambira m'mawa, khutu lili pa paipi, akudikira kuti mtambo udutse padzuwa kuti amve ngati kulira kwake kusinthe.